Tiumbe njerwa kapena tiyambe tafufuza amisiri? Funso la mayi wa ku Ntchisi

"Zikomo alangizi. Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) kwathu kuno ku Ntchisi. Achinyamata atichulukira m'mudzi. Ena analekezera Sitandade 8, ena analemba Folomu 4 koma sizinayende, ndiye ntchito yawo ndi bawo, ganyu ndi mowa. Angapo analowera ku Joni. Zaka zapitazo bungwe lina linaphunzitsa ana 30 kusoka ndi ukalipentala kwa miyezi itatu. Analandira masatifiketi, tinavina, koma lero amene akugwira ntchitoyo ndi awiri okha. Panopa mpingo watipatsa nyumba yakale ya zipinda ziwiri, amfumu apereka malo, ndipo mwana wa m'mudzi muno amene ali ku UK walonjeza makina osokera khumi. Anthu akuti tiyambe kuumba njerwa timange sukulu yeniyeni ya ntchito zamanja. Ine mtima ukukana. Tiyambire pati kuti zisafe ngati zoyamba zija? Nanga mapepala amene ana adzalandire adzakhala ovomerezeka?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Kukayika kwanuko n'kwabwino, ndipo wina asakuneneni kuti mukubweza chitukuko m'mbuyo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa zomangamanga ndi kuyendera ana otumizidwa kwa amisiri, nkhani yonga yanuyi ndaimva m'maboma ambiri. Kawirikawiri mlandu amaukankhira kwa anawo, amvekere ana a masiku ano ndi aulesi. Aulesi alipo ndithu, sindingawaikire kumbuyo onse. Koma chimene chimapha maphunziro otere n'china. Oyambitsa amadzifunsa kuti tili ndi chiyani chophunzitsira, n'kuiwala kufunsa kuti anthu a kuno amatulutsa ndalama m'thumba pa ntchito yanji.

Vutoli si la mudzi wanu wokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalimo anthu 17.5 miliyoni, 84 mwa 100 alionse akukhala kumudzi, ndipo oposa theka anali asanakwane zaka 18. Ambiri mwa ana a nthawi imeneyo ndi amene mukuwaona pa bawo lerowa. Minda ikunka icheperachepera pogawana, ntchito zolembedwa kumudzi kulibe, choncho maganizo ophunzitsa luso ndi olondola. Pavuta ndi poyambira basi.

Tiyeni tione kaye chimene chinadya ana 30 aja. Pamsika panu pali matelala angati pamakonde a masitolo? Mwina anayi, mwina asanu. Amatanganidwa sukulu zikamatsegulira, pa Khirisimasi, ndi nyengo ya maukwati anthu akagulitsa soya ndi mtedza. Januwale ndi Febuluwale makina amangokhala duu, ntchito yake kuika zigamba ndi kuchepetsa zovala za kaunjika. Ndiye pamsika womwewo mufikitsepo matelala ena khumi ndi asanu tsiku limodzi, onse odziwa diresi la mtundu umodzi, opanda makina awoawo, opanda ngakhale mpamba wogulira ulusi. Kasitomala adzapita kwa telala amene anam'zolowera. Awiri amene atsalawo mukawafufuza mupeza kuti mwina anali kale ndi m'bale wa makina, kapena anakakhala pakhonde la telala wamkulu maphunziro atatha.

Miyezi itatunso ndi yochepa. Ofufuza ena ogwirizana ndi World Bank anatsatira achinyamata amene bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA linawatumiza kwa amisiri kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 2013. Luso anawo analipezadi, koma pa miyezi yoyambirira atamaliza, kapezedwe kawo ka ndalama sikanasinthe kwenikweni. Anapezanso kuti atsikana ndi amene ankavutika kwambiri, chifukwa kutalika kwa mtunda, matenda ndi udindo wapakhomo zinkawasiyitsa panjira. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene maso anga aona. Pa miyezi itatu mwana wa ukalipentala amakhala atangoyamba kudula mowongoka. Kuti apachike chitseko chotsekeka bwino, kapena akhome denga losadontha, pamafunika chaka kapena kuposerapo, manja ali pantchito tsiku ndi tsiku.

Ndiye langizo langa loyamba ndi lakuti zikombole za njerwa ziyambe zadikira. Nyumba ya zipinda ziwiriyo ikukwanirani kwa zaka ziwiri zoyambirira. Ntchito yoyamba ndi ya kope ndi cholembera, ndipo muwapatse achinyamata omwewo. Kwa mwezi wathunthu, tsiku la msika lililonse, azifunsa anthu mafunso awiri okha. Ndi chiyani chimene chikawonongeka mumachinyamula kupita nacho kuboma, ku Mponela kapena ku Lilongwe? Ndi ntchito iti imene mumachita kuitanitsa munthu wakutali? Afunse eni zigayo, anyamata a kabaza, makomiti a mijigo, ahedi, alimi a m'madimba, azimayi a geni. Ndalama imene ikutuluka m'dera lanu kukalipira mmisiri wakutali ndiyo malipiro a ana anu a mawa.

Zimene zimatuluka m'makope otere zimadabwitsa makomiti ambiri, chifukwa kusoka sikukhala pamwamba. Taonani mijigo. Yambiri m'midzi mwathu ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo imafa ndi tinthu ting'onoting'ono: karabala kokoka madzi katha, mabushi a pa chogwirira adyeka, ndodo yaduka. Mudzi umatha mwezi ukumwa pachitsime kudikira makaniko mmodzi amene akuyendera dera lonse pa njinga yakapalasa. Ofesi ya zamadzi ku khonsolo ndi imene imadziwa za kaphunzitsidwe ka amakaniko a mijigo, ndipo maphunziro ake satenga nthawi yaitali. Taonaninso sola. Pafupifupi mudzi uliwonse tsopano uli ndi mapanelo padenga, koma ambiri analumikiza panelo ku batire mwachindunji popanda kachipangizo koletsa kudzadza mopyola, ndiye batire limafa chaka chisanathe. Mwana wodziwa kuwerengera kuti panelo iyi ikufuna batire lotani, waya wonenepa bwanji, ndiponso wodziwa kukonza mapampu a sola a m'madimba, sangagone ndi njala. Njinga zamoto za kabaza nazo zadzadza m'misewu yafumbi, ndipo zimafuna wothira oyilo, womanga tcheni, wosintha mabuleki. Chigayo chimafuna wodziwa masefa, mahamala ndi malamba. Mafoni osweka galasi ndiye osanena.

Ulimi nawonso ndi luso, ngakhale achinyamata amaunyoza. Kumezanitsa mango ndi mapeyala, kukhoma ming'oma ya njuchi ndi kufula uchi waukhondo, kuumba mbaula za chitetezo, kupereka katemera wa chitopa wodonthezera m'diso la nkhuku, zonsezi anthu amalipira, ndipo sizilira magetsi. Za magetsizi muziganizire bwino musanasankhe kuwotcherera. Kalembera yemwe uja anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zimene zinkaunikira magetsi, zambiri mwa izo za m'tauni. Ngati magetsi a MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, anafika pamsika panu, kuwotcherera ndi ntchito ya ndalama, chifukwa mafelemu a mawindo, zitseko zachitsulo ndi ngolo sizisowa ogula. Ngati sanafike, mafuta a jenereta adzadya phindu lonse.

Kwa ofuna zomanga, dziwani kuti malamulo amene bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linakhazikitsa mu 2018 saloleza njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda. Kontilakita akabwera kudzamanga buloko ya sukulu kapena chipatala kwanuko, adzafuna anyamata ndi atsikana odziwa kuumba ndi kumanga mabuloko a simenti. Wodziwa njerwa zootcha zokha adzangolembedwa ganyu yotunga madzi.

Mukadziwa ntchito zimene zili ndi msika, funso lotsatira ndi lakuti aphunzitse ndani. Apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi anthu ambiri okonda kumanga. Aphunzitsi muli nawo kale. Ndi kalipentala wa pansi pa mtengo wa mango uja, makaniko wa njinga zamoto pamsika, mayi wosoka mayunifolomu, wosula ndowa ndi mbaula. Amisiri ambiri m'dziko muno anaphunzira chonchi, poyang'anira ndi kugwira nawo, ndipo ubwino wake ndi wakuti mwana amaphunzira ntchito ndi kasitomala yemwe. Amaona mmene amanenerera mtengo, mmene amapepesera ntchito ikachedwa, kumene amagula matabwa otsika mtengo. M'kalasi zimenezi mulibe.

Koma si mmisiri aliyense amene angasunge mwana wa mwini. Posankha musamvere pakamwa, kaoneni ntchito yake. Pitani kunyumba imene anamanga zaka zitatu zapitazo mukaone ngati khoma lang'aluka, katsekeni chitseko chimene anapachika. Onani ngati pamalo pake pamakhala ntchito mwezi ndi mwezi, chifukwa kwa mmisiri wosowa makasitomala mwana akaphunzirako kukhala pansi. Woledzera m'mawa ayi, ngakhale manja ake akhale a golide. Ndipo musam'patse ana oposa awiri kapena atatu.

Mukam'peza, lemberanani pangano pamaso pa amfumu ndi makolo. Mulembemo kuti mwana akhala miyezi ingati, pofika mwezi wakuti akhale atadziwa chakuti, nkhomaliro adya kuti, chida chikathyoka alipira ndani. Mulembemonso poyera kuti mwanayo sanapite kukalima m'munda mwa mmisiri kapena kukalera ana ake, chifukwa zimenezi zimachitika kwambiri dzinja likafika. Mmisiri naye ali ndi nkhawa yake imene sangainene pamsonkhano: akuopa kuti akuphunzitsa munthu amene adzam'lande makasitomala mawa. Musaipeputse nkhawa imeneyi. M'patseni kenakake kooneka. Ndaona kuti kum'gulira chida chimene wakhala akuchisirira, kapena kum'patsa ntchito ya madesiki kudzera ku komiti, kumagwira mtima kuposa kandalama ka pamwezi kamene kamachedwa kubwera.

Kenako muziyendera. Pakatha masabata awiri aliwonse wina wa komiti afike mosalengeza, ndipo asangofunsa kuti zikuyenda bwanji, poti yankho lake ndi lodziwika kale. Atenge thabwa, alembe mzere ndi pensulo, apatse mwanayo sowo kuti adule. Mwana amene wakhala miyezi iwiri akungopala ndi sandipepa ndi kutumidwa zitumbuwa amaonekera pomwepo. Sowo amaigwira ndi manja onse awiri ngati nkhwangwa, imadumphadumpha poyamba, ndipo mzere umatsala kwina iye akudula kwina. Mukaona zotere khalani pansi ndi mmisiriyo mwaulemu, pangano lili m'manja.

Kuphunzira kwa mmisiri kuli ndi chilema chake. Mwana amatengera luso ndi zolakwa zomwe. Amisiri ambiri a kumudzi sawerenga pulani, amayeza ndi diso, ndipo mtengo amangotchula za m'mutu. Nyumba ya mpingo ija ntchito yake ikhale imeneyi. Masana awiri pa sabata ana onse azikumana m'chipinda chimodzi, mphunzitsi wopuma pantchito aziwaphunzitsa masamu a ntchito. Adziwe kuwerenga tepi, mamita ndi mamilimita, komanso mainchi poti matabwa ndi misomali timagulabe m'mainchi. Womanga adziwe kuwongola ngodya ya nyumba ndi chingwe poyeza 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, n'kuona ngati pakati pakukwana 5. Zikuoneka zazing'ono, koma nyumba zambiri zopotoka zimene mumaziona zinapotokera pa maziko pomwepo.

Phunziro limene ndimalikakamira kwambiri ndi la kuwerengera mtengo. Ana ambiri amene ndinawaona akusiya ntchito luso anali nalo, chinawagwetsa ndi ichi. Mwana amapanga tebulo, amawerengera matabwa okha, n'kuiwala misomali, guluu, vanishi, kabaza amene ananyamula matabwawo, kunoletsa sowo, ndi masiku atatu a thukuta lake. Akagulitsa amaona ngati wapeza ndalama, koma pobwerera kogula matabwa ndalama ija sikwanira. Akatero kanayi, mpamba watha. Aphunzitseni kulemba chilichonse m'kope, kulandira ndalama ya zipangizo ntchito isanayambe, ndi kukana ngongole mwaulemu. Zovuta kwambiri ndi za achibale. Amalume akabwera n'kunena kuti tangondikhomerako kampando mphwanga, mwana wa zaka 19 alibe pakamwa pokanira. Nkhani imeneyi amfumu ainene pabwalo, kuti mudzi wonse umve kuti ntchito ya ana awa ndi yolipira.

Chipinda chachiwiri chikhale mosungira zida, chokhala ndi loko wabwino. Khomani thabwa lalikulu kukhoma, chida chilichonse chikhale ndi msomali wake, ndipo mujambule chithunzi chake ndi penti pamene chimapachikidwapo. Madzulo ongoyang'ana kamodzi mwadziwa kuti hamala sinabwerere, ndipo kope likuuzani anaitenga ndani. Zida zimatha ndi kubwerekana kosalemba, osati ndi akuba a usiku.

Tsopano za makina khumi aja. Mwana wa kwanuyo wachita bwino kukumbukira kwawo, ndipo mum'thokoze ndi mtima wonse. Koma muuzeni zoona. Kutumiza makina kuchokera ku UK kumadya ndalama zambiri za mayendedwe ndi msonkho, ndipo ambiri a kumeneko ndi a magetsi, ena osowa zitsulo zosinthira kuno. Ndi bwino atumize ndalama mugule konkuno makina opalasa ndi mapazi, a mtundu umene amakaniko a m'misika yathu amaudziwa. Ndipo ngati kope lija lasonyeza kuti dera lanu lingadyetse matelala atatu okha owonjezera, gulani atatu. Ndalama yotsalayo igule mabokosi a masipanala, zida za ukalipentala, kamita koyezera magetsi a sola, ndi nsalu zophunzirira. Anthu a kunja amakonda chinthu chojambulika, choncho muzim'tumizira zithunzi za ana ali pantchito ndi malisiti a zonse zimene mwagula.

Ndatchula nsalu zophunzirira dala. Chimene chimatseka masukulu a ntchito zamanja ambiri si kusowa nyumba, ndi kusowa zipangizo zimene zimatha: matabwa, simenti, ulusi, ndodo zowotcherera. Wophunzira amawononga, ndipo ayenera kuwononga kuti adziwe. Bungwe likachoka, ndalama ya zimenezi imachoka nalo, n'kutsala nyumba yokongola ana akukopera manotsi a ukalipentala pabolodi. Njira yake ndi yakuti ophunzira azipanga zinthu zogulitsa kuyambira pachiyambi. Kambiranani ndi komiti ya sukulu ya pulayimale za kukonza madesiki othyoka ndi kusoka mayunifolomu, ndi mipingo za mabenchi, ndi mabungwe a maliro za mabokosi. Ndalama yake ikhale ndi buku lakelake, osayinira awiri, ndipo iziwerengedwa pagulu mwezi uliwonse. Makolo nawo asonkheko kangachepe, ngakhale ndowa ya soya pokolola. Chaulere anthu sachisamala.

Pa chifukwa chomwecho, alawansi musayambe n'komwe. Mukangolengeza kuti ophunzira azilandira kandalama, mayina amene abwere ndi a ana a anthu odziwika m'mudzi, ofuna ndalamayo osati luso, ndipo tsiku limene idzasiye kubwera kalasi idzatha. Ngati pali kandalama, phikani phala kapena nsima ya masana, makamaka miyezi ya njala. Posankha ana, yang'anani amene anayamba kale kuonetsa chidwi, uja amakhalira kumasula mawailesi, uja amathandiza makaniko popanda womutuma. Yambani ndi ochepa, khumi kapena khumi ndi awiri. Kalendala yanu itsatenso ulimi. Yambani anthu akamaliza kukolola, limbikirani chilimwe chonse, ndipo mvula ikagwa chepetsani masiku, apo ayi makolo adzawatenga okha anawo kupita nawo kumunda.

Za atsikana ndinenepo mosapsatira, poti inu ndinu mayi mundimvetsa. Musawakankhire onse ku makina osokera ngati kuti manja awo sangagwire sipanala. Atsikana amene ndawaona pa zamagetsi a sola ndi pa kupaka penti amagwira ntchito yaukhondo, ndipo azimayi anzawo amamasuka kuwalowetsa m'nyumba. Koma muwateteze. Mtsikana asapite yekha kwa mmisiri wamwamuna, azipita awiriawiri, pamalo apoyera, pafupi ndi kwawo poti azibwerera dzuwa lisanalowe. Pakhale mayi mmodzi wa komiti, wosunga chinsinsi, amene angamuuze zovuta. Amene ali ndi mwana wamng'ono mukambirane ndi apabanja pake za womulera, ndipo ngati ali pabanja mwamuna wake amve nawo kuyambira pachiyambi, kuti nsanje isadzathetse maphunziro pakati. Kumbukiraninso msinkhu. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa ntchito zoika moyo pachiswe. Mwana amene angathe kubwerera kusukulu, ngakhale mtsikana amene anachira, abwerere kaye. Luso lidzam'peza, ndipo adzaliphunzira msanga akadziwa kuwerenga ndi masamu.

Funso lanu lachiwiri ndi la mapepala. Satifiketi imene komiti yanu ingasindikize ndi chikumbutso chabe, kampani kapena boma silingaiwerengere. Maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo malo alionse ofuna kupereka maphunziro ovomerezeka amayenera kulembetsa kumeneko. Adzaona aphunzitsi, zida, zimbudzi ndi chitetezo, ndiye chaka choyamba simungakwanitse, ndipo musadzivute nazo. Chimene mungachite ndi kukonzekeretsa ana kuti akayesedwe. Kuyambira kale amisiri ophunzira pamanja akhala akulemba mayeso a trade test a unduna wa zantchito, ndipo TEVETA ilinso ndi ndondomeko yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu analipeza kunja kwa sukulu. Mayeso otere ndi a manja kwambiri, munthu amapatsidwa ntchito kuti aigwire oyesa akuona. Limbikitsani ndi amisiri ophunzitsawo kuti akayesedwe, ambiri amakondwa kukhala ndi pepala pa ukalamba. Ofesi ya zantchito ya paboma ikuuzani za masiku, malo ndi malipiro a chaka chimenecho.

Ana amene ali ndi MSCE musawasunge pamudzi. Athandizeni kulembera malo m'makoleji a boma monga Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu, Livingstonia, Soche ndi Nasawa. TEVETA imalengeza m'nyuzipepala ndi pawailesi, koma ana a kumudzi zimawapitirira chifukwa chosamva, choncho pakhale munthu mmodzi wa komiti woti azitchera khutu. Palinso makoleji a m'madera amene boma la Peter Mutharika linayamba kutsegula mu 2015, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndi cholinga chakuti boma lililonse likhale ndi yake. Ya ku Mponela simuli nayo kutali. Ena mwa makolejiwa anatsegulidwa m'nyumba zakale za Apayoniya, amene ankaphunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja mpaka pamene asilikali anawabalalitsa mu 1993. Nyumbazo zinakhala zaka zambiri zili mabwinja maphunziro atatha kalekale, ndipo amene akufulumira njerwa aja mungawakumbutse zimenezi. Popita ku TEVETA musapite ngati opemphetsa. Olemba anthu ntchito amapereka 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro amenewa, ndipo mwana wa ku Ntchisi ali ndi gawo lake mmenemo.

Chenjezo limodzi pa zamagetsi. Kuika mawaya m'nyumba yoti ilumikizidwe ku ESCOM kumafuna munthu wa chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Mwana wophunzira sola pamudzi asadzitenge ngati wafika pamenepo, angaotche nyumba ya munthu kapena kudzipha yekha.

Tsiku lomaliza maphunziro si tsiku la kuvina lokha, ndi pamene ntchito ya komiti ikuvuta. Mwana wopanda zida luso limam'thawa pa miyezi yochepa. Koma kugawa zida zaulere nakonso ndakuona kukulephera, bokosi limagulitsidwa kuti ipezeke thiransipoti ya ku Joni. Chimene chimayenda ndi kubwereketsa. Bokosi likhale la komiti, mwana azilipira pang'onopang'ono kuchokera pa ntchito zake, akamaliza likhale lake, ndipo ndalamayo igulire bokosi wophunzira wotsatira. Ogwirizana okha awiri kapena atatu angagawane bokosi limodzi. Magulu a anthu khumi ochita kuwaphatikiza pamndandanda amatha ndi mkangano wa ndalama. Ndalama ya zidayi musaisunge nthawi yaitali m'buku. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga ndalama ya masipanala anapeza kuti sikugulanso zimene ankafuna.

Ngongole ibwere pambuyo pa kasitomala. Mwana akapeza oda ya mabenchi, kubwereka ku banki mkhonde kuti agule matabwa n'kwanzeru, poti akudziwa pobwezera. Ngongole zazikulu ndi za amene wagwira kale ntchito chaka, ali ndi kope losonyeza zolowa ndi zotuluka. Katapila ndiye asayandikire n'komwe. Ndipo ena mwa ana amene muwaphunzitse adzapitabe kutauni kapena ku South Africa. Musadzaone ngati mwataya. Wopita ndi luso ndi pepala amakalembedwa ntchito ya mmisiri, sakhala wongokankha wilibala.

Pali zinthu zimene komiti isazisenze yokha. Mukamva kuti mmisiri akufunsira kapena kugwiragwira wophunzira, m'chotseni mwanayo tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ipite kwa a zachisamaliro cha anthu kapena ku polisi ku ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza. Isathere pa nkhuku ya chindapusa kwa amfumu. Wovulala ndi chitsulo kapena msomali wadzimbiri apite kuchipatala msanga chifukwa cha kafumbata, ndipo wowotcherera asayambe ntchito popanda galasi lotchinga maso. Malo amene amfumu aperekawo alembedwe bwino, mpingo nawo ulembe kuti nyumbayo yaperekedwa kwa zaka zingati, kuopa kuti abusa akadzasintha mudzauzidwe kuti tulukani. Munthu akabwera n'kumati ndi wa bungwe, ana alipire kaye ndalama yolembetsera kuti adzalandire zida, funsani ku khonsolo musanatulutse tambala.

Pempho lanu lidutse ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, kuti lilowe m'mapulani a chitukuko a khonsolo, chifukwa ndalama za CDF ndi za mabungwe zimatsata zimene zili m'mapulaniwo. Kaonaneni ndi mkulu woona za achinyamata paboma, wa zantchito, ndi ofesi ya TEVETA ku Lilongwe. Popita tengani makope a kumsika aja ndi mayina a amisiri amene avomera kutenga ana. Makalata opempha kuti atimangire sukulu maofesiwa amalandira ambiri, ndipo amangowaika m'faelo. Yanu inene kuti mijigo yakufa m'dera lathu ndi yakuti, makaniko wavomera ana awiri, kalipentala atatu, tikusowa mabokosi a zida akuti ndi tsiku loti anawa adzayesedwe.